Mawenzulo Makumi Anayi, Foni Imodzi

Nyumba yachinayi inathyoledwa Lolemba masana, dzuwa likuswa mtengo. Inali ya Anamwino, amene ankakhala moyang'anizana ndi Atelala. Atabwera kuntchito anapeza zitsulo za pazenera zitapindidwa ngati nthiti za nkhuku. Wailesi yakanema panalibe, simbi panalibe, ngakhale bulangete la mwana linali litapita.

Anadutsa msewu asanavule n'komwe nsapato za kuntchito, n'kufika pakhonde pamene Atelala ankasokera.

"Aneba, taonani zimene wandisiyira galu ameneyu," anatero akugwedeza kansalu m'mwamba. "Wasesa nyumba yonse, ine n'kundisiyira kasanza. Kanakodwa pachitsulo. Kaya mundisokera diresi la ukwati."

Atelala analandira kansaluko. Kanali kabuluu, ka mizere yoyera, kukula kwake ngati chikhatho cha mwana. Anakatembenuza kuti aone msoko, monga amachitira wosoka aliyense. Msokowo unali wa ulusi wofiira, ndipo unali wodumphadumpha.

Makina a Atelala anali ndi chilema chake. Singano ikabaya kasanu ndi kamodzi, kachisanu ndi chiwiri inkadumpha. Okonza makina atatu anayesa, onse analephera. Telala angaiwale nkhope ya kasitomala, koma msoko wake sauiwala. Ndipo malaya abuluu a mizere yoyera anasokapo amodzi okha, tsiku limene ulusi wabuluu unawathera n'kumalizira m'kati ndi wofiira. Anasokera mlamu wawo, mng'ono wa amuna awo, amene anthu ankamutchula kuti Wamtali. Iyeyo ankagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yawo yomweyo.

"Mwaonapo kanthu?" anafunsa Anamwino.

"Nsalu yotchipa iyi. Yadzaza pamsika."

Sananame, komanso sananene zoona. Anamwino anaponya kansaluko m'dengu la zidutswa, n'kubwerera kwawo akutukwana.

Anthu a mumsewu umenewo anali ndi njira yawoyawo yothanirana ndi akuba. Zaka ziwiri m'mbuyomo apolisi anabwera n'kugawa mawenzulo, nyumba iliyonse imodzi, onse pamodzi makumi anayi. Analembanso nambala ya foni pakhoma la pampopi pamene anthu ankatunga madzi. Malangizo anali akuti mukaona chachilendo imbani wenzulo kuti anzanu atuluke, ndipo wina aimbire apolisi. Koma anthu anatolapo theka lokha. Mawenzulo anawasunga, nambala ija inafufutika ndi mvula, ndipo kuseri kwa chitseko chilichonse kunaima chibonga.

Miyezi isanu ndi itatu m'mbuyomo, wenzulo inalirira munthu wina wogula mabotolo. Akuti wina anamuona akusuzumira pampanda. Atelala nawonso anaimba yawo, pakuti mmodzi akaimba onse ankaimba. Pamene ankafika pampopi anapeza munthuyo ali pansi, thumba lake litaphulika. Ankapempha madzi, mpopi uli pomwepo, koma palibe anamupatsa. Apolisi anafika iye atazizira kale. M'thumbamo munali mabotolo okhaokha. Amuna awiri a mumsewumo anamangidwa, ndipo kuyambira pamenepo wapolisi anasanduka mdani. Akafunsa kanthu, aliyense tsiku limenelo anali kumsika. Kuba sikunathe, koma zimenezo palibe ankafuna kuzikamba.

Lachiwiri madzulo dzuwa lisanalowe, amuna anasonkhana m'shedi ya pambali pa nyumba. Amuna awo a Atelala anali kalipentala, ndipo anali iwowo mkulu wa gulu la chitetezo la mumsewumo. Pakati pa shedi ndi khonde panali matabwa okha, choncho Atelala ankamva chilichonse.

"Tisazungulire," anatero bambo wina. "Ndani amadziwa nyumba imene muli munthu ndi imene mulibe? Ndani amaima pageti lililonse, palibe womufunsa?"

"Ndi uja wonola mipeni!"

Ameneyo anali mdala wotsimphina, amene ankakankha njinga yokhala ndi mwala wonolera. Ankabwera Lachinayi lililonse akufuula kuti, "Tinole! Tinole!" moti dzina lake linangokhala Atinole. Malumo onse a Atelala ankanola ndi iwo.

Kenako kunamveka mawu amene Atelala ankawadziwa bwino kuposa ena onse.

"Achimwene, zimenezo n'zoona," anatero Wamtali. "Ine ndinamuona ndi maso angawa sabata yatha, akuyang'anitsitsa zenera la Anamwino. Wanola mipeni yathu nthawi yaitali. Mkuja akabwera timunola ndife."

Amuna anaseka. Phazi la Atelala linaima pa chopondera cha makina. Anatola kansalu kaja m'dengu, n'kuzungulira kuseri. Kachipinda ka Wamtali kankanunkha sokosi ndi fodya. Sanavutike kufufuza, pakuti amene analera mwana amadziwa kumene amabisa zinthu. Malayawo anali m'kati mwa pilo. M'munsi mwake munali mong'ambika, ndipo atagunditsa kansaluko, kanalowa ndendende, mzere ku mzere. Anabwezera malayawo mmene anawapezera.

Anthu atabalalika, Atelala anapeza amuna awo akusesa utuchi.

"Bambo a ana, tatsekani chitseko."

"Kwagwanji?"

Atelala anatambasula dzanja. "Msoko uwu mukuudziwa? Uli pabuluku lililonse limene mwavala zaka khumi ndi zisanu zapitazi. Kansaluka kanatsala pazenera la Anamwino. Malaya ake ali m'pilo ya mng'ono wanu."

Akalipentala sanali munthu wopusa. Anayang'ana kansaluko nthawi yaitali, kenako anakhala pabenchi.

"Wina wakaona ndani?"

"Palibe wadziwa."

"Ndiye kaponye pamoto."

"Nanga Atinole?"

"Tingomuopseza basi. Makofi awiri kapena atatu, asadzapondenso kuno."

"Ngati mmene munamuopsezera wamabotolo uja?"

"Mayi iwe, samala pakamwa pako!" Anayang'ana kuchitseko, n'kutsitsa mawu. "Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Anthu awa ukuwadziwa. Akangomva kuti ndi mng'ono wanga, ngakhale kupolisi samufikitsa. Amuphera pampopi pomwe paja, shedi iyi n'kuiyatsa. Amayi pomwalira anandigwira dzanja ili, anati mwanayu usamutaye. Ndikhala naye pansi Lamlungu. Asiya."

"Lamlungu lili kutali. Lachinayi ndi mkuja."

"Uja ndi munthu wongodutsa. Ngakhale kwawo sitikudziwa."

"Kodi wongodutsa alibe magazi?"

Akalipentala anatenga tsache n'kuyambanso kusesa pamene anali atasesa kale.

Atelala anabwerera pamakina, koma sanasoke kanthu. Wamtali anabwera pakhomopo ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ali ndi zipere kumutu. Anamusambitsa mankhwala ndi iwo, yunifolomu yake ya kusukulu anasoka ndi iwo. Tsopano anali bambo wa ndevu zake, wosagwira ntchito, wokonzeka kupereka mdala wosalakwa kuti iye apulumuke. Akanena, afa mlamu wawo. Akakhala chete, afa Atinole. Njira zonse ziwiri zinkathera pampopi.

Lachitatu lililonse m'mawa, mumsewumo munkadutsa Asajeni, mayi wamfupi wa mapewa otambalala, amene anali atangosamutsidwira kuderalo kudzayang'anira ntchito ya apolisi ndi anthu. Ankayenda wapansi, okha, akupereka moni kwa anthu amene ankayang'ana kumbali. Anaitanitsapo misonkhano iwiri kusukulu. Woyamba kunabwera anthu atatu, wachiwiri kunabwera mbuzi.

Tsiku limenelo atafika pafupi ndi khonde, Atelala anafuula kuti amayi a pampopi amve.

"Bwana! Siketi imeneyo mpendero wamasuka. Boma lonse likuyenda ulusi uli lendelende? Talowani ndikubayireni pang'ono."

Amayi aja anaseka. Asajeni anayang'ana siketi yawo, kenako anayang'ana Atelala, n'kulowa. Atelala anakoka katani, anakweza wailesi, n'kugwada ndi tepi yoyezera m'manja.

"Mpendero wanga uli bwinobwino, mayi," anatero Asajeni motsitsa mawu. "Nenani chimene mwandiitanira."

"Ndifunse kaye. Inu apolisi n'chifukwa chiyani mumafika mtembo utazizira?"

"Mukunena za wamabotolo uja? Ndinali ndisanabwere, koma failo yake ndinaiwerenga. Tsiku limenelo mawenzulo analira makumi anayi. Foni inalira kangati?"

Asajeni anadziyankha okha.

"Sinalire ngakhale kamodzi. Anzanga anamva kwa dalaivala wina wongodutsa. Wenzulo kuofesi sitiimva, mayi. Ndife ochepa, galimoto ndi imodzi. Maso ali ndi inu, lamulo lili ndi ife. Maso opanda lamulo amapha osalakwa. Lamulo lopanda maso limangoyenda mumsewu kupereka moni, ngati ineyo."

Atelala anafuna kuseka, koma kuseka sikunabwere.

"Nanga wakubayo atakhala wa m'nyumba mwako? Woti unamulera ndiwe?"

"Ndiye ndi amene ayenera kufika m'manja mwathu msanga, asanafike m'manja mwa aneba anu."

"Mukamugwira mumumenya?"

"Lamulo silitilola. Sindikuuzani kuti wapolisi aliyense ndi mngelo. Koma munthu akalowa m'buku lathu ali wamoyo ndi wathunthu, ayenera kukaonekera kukhoti ali chomwecho. Abale mumaloledwa kudzamuona. Wina akamukhudza, mukadandaule kwa mkulu wathu, ndipo iyeyo akapanda kukumvani ndikuuzani kwina kopita."

"Nanga dzina langa?"

"Mumsewu muno silituluka pakamwa panga. Koma sindikunamizani. Ngati muli ndi umboni, khoti likhoza kukuitanani. Pamenepo mudzaima pamaso pake, iye akukuyang'anani."

Atelala anapinda tepi ija pang'onopang'ono mpaka inatha. Akanakonda kuuzidwa bodza lokoma, koma bodza lokoma sakanalikhulupirira. Analowetsa dzanja m'thumba la epuloni n'kutulutsa kansalu kaja. Anafotokoza zonse: ulusi wofiira, singano yodumpha, malaya a m'pilo, ndi zimene amuna anapangana za Atinole.

Asajeni anaika kansaluko mu envulopu, n'kulemba mawu onse m'kabuku. Atamaliza anawawerengera Atelala, ndipo Atelala anasaina.

"Malayawo ali kuti panopa?"

"Ndinawabwezera momwemo."

"Munachita bwino. Musawakhudzenso, ndipo mnyamatayo musamufunse kanthu. Lero ndikapempha chikalata cha kukhoti chotilola kufufuza m'chipindamo. Mdalayo amafika nthawi yanji?"

"Cha m'ma teni."

"Amakhala kuti, kuti timuchenjeze?"

"Palibe akudziwa. Takhala tikumupatsa mipeni yathu zaka zonsezi, koma palibe anamufunsapo."

"Ndiye ife tifika naini koloko, iye asanabwere." Asajeni anatenga buku limene Atelala ankalembamo miyezo ya makasitomala, n'kulemba nambala ya foni patsamba lomaliza. "Chikachitika china, foni kaye, wenzulo pambuyo. Ndipo mverani ichi. Ngakhale akukakamizeni bwanji, dzina la mlamu wanu musalitchule pagulu. Dzina likagwera pagulu silitolekanso."

Potuluka anafuula nawonso kuti, "Zikomo Atelala, boma lavala tsopano!"

Lachinayi kunacha ndi mitambo yakuda. Atinole, pofuna kuthawa mvula, analawirira. Eyiti koloko inali isanakwane pamene mawu awo anamveka kumtunda kwa msewu.

"Tinole! Tinole!"

Sanaime pageti lililonse, pakuti palibe anawaitana. Anabwera molunjika pakhonde la Atelala, monga mwa masiku onse.

"Amayi, lumo lija lalikulu likudyabe nsalu kapena layamba kutafuna?"

Atelala asanayankhe, wenzulo inalira kuseri kwa nyumba yawo yomwe. Anali Wamtali, ndi wenzulo yakeyake. Ina inayankha kutsidya, ina kumunsi, mpaka msewu wonse unali phokoso lokhalokha. Dzanja la Atelala linapita lokha pamsomali pamene wenzulo yawo inkalendewera. Analibweza. Anatenga foni, n'kutsegula buku la miyezo.

"Asajeni, ndi telala uja. Wafika kale. Ayamba."

"Tikunyamuka. Tipatseni mphindi khumi. Ngati mungathe popanda kudziika pangozi, mulowetseni m'nyumba."

Pamene ankatembenuka, mwala woyamba unali utafika kale. Atinole anali atagwada pafupi ndi sitepe, manja ali kumutu, magazi akutsika pakati pa zala. Njinga inali pansi, gudumu likuzungulirabe.

"Ndalakwanji ine? Abale anga, ndalakwanji?"

Atelala anawagwira pakolala, anawakokera m'kati ngati thumba la nsalu, n'kutseka chitseko. Iwo anatsala panja, msana uli kuchitseko. Anthu anali akubwerabe, amuna ndi zibonga, amayi ndi miyala ndi mitengo ya matsache. Zinali nkhope zomwe zija zimene ankaziyeza m'khosi ndi m'chiuno, koma tsiku limenelo zinali ngati za anthu ena.

"Tulutsani wakubayo!"

"Anene kumene kuli simbi yanga!" Amenewo anali Anamwino, atavala kale yunifolomu yopita kuntchito.

"Aneba," anatero Atelala, "inu ntchito yanu ndi yotseka mabala. M'katimu muli munthu akutha magazi. Za simbi mumufunsa akakhala moyo. Lowani."

Anamwino anayang'ana magazi amene anali pasitepe. Anayang'ananso yunifolomu yawo. Anatukwana pang'ono, koma anakwera n'kulowa.

Wamtali anadzikankhira kutsogolo, chibonga chili m'manja, wenzulo ikulendewera pakhosi.

"Alamu, tachokani apo! Mukumubisiranji? Kapena mumagawana naye?"

Anthu anakuwa movomereza. Dzina linafika pansonga ya lilime la Atelala. Liwu limodzi lokha, ndipo manyazi onsewo akanachoka pa iwo. Anamuyang'ana mnyamatayo, n'kuona kachipsera ka chipere kamene kanali kakadalipo pamwamba pa khutu. Anayang'ananso manja a anthu. Analimeza dzinalo, ndipo linawawa ngati mankhwala.

M'malo mwake anafunafuna amuna awo ndi maso. Anali ataima kumbuyo, pafupi ndi shedi, chibonga chitaloza pansi.

"Bambo a ana! Mkulu wa gulu ndinu. Zimene ndikudziwa ine, inunso mukuzidziwa. Ngati mdala uyu ndi wakuba, bwerani muyambe ndinu. Chitseko ndikutsegulirani ndekha."

Anthu anapatuka. Akalipentala anayenda pakati pawo, ena akuwasisita pamsana kuti, "Eya, akulu, kamuphunzitseni mkazi wanu!" Anakwera sitepe. Anaima pamaso pa akazi awo, mpweya ukutuluka mwamphamvu m'mphuno. Kenako anaika chibonga pansi pa makina, anatembenuka, n'kuima phewa ndi phewa ndi Atelala.

"Tidikire apolisi," anatero ndi mawu osasa.

"Agulidwa awa!"

Mwala unaswa galasi la zenera. Wina unawapeza Akalipentala pachifuwa, koma sanasunthe. Gulu linali litagawanika. Ena ankakankhira kutsogolo, ena ankafunsana kuti kodi mkuluyu akudziwa chiyani. Mphindi zimenezo zinatalika ngati chaka cha njala. Kenako galimoto ya apolisi inatulukira pakona.

Asajeni anatsika ndi apolisi anayi. Sanakuwe. Anakwera pasitepe kuti aliyense awaone.

"Mwadzuka bwanji nonse? Lero ndiye mwabwera ambiri kuposa kumsonkhano. Ndili ndi funso limodzi. Ndani anamuona mdalayu akuba? Osati anamva. Anamuona."

Miyala ina inayamba kugwera pansi yokha.

"Wamtali ndi amene anamuona!" anatero wina.

"Chabwino. Bambo inu, tiyeni kuofesi mukatifotokozere bwinobwino."

Wamtali anayang'ana uku ndi uku. Kukana kukanadabwitsa anthu. Anataya chibonga n'kuyenda kupita kugalimoto, wapolisi ali mbali iyi, wina mbali inayo. Asanakwere anatembenuka n'kuyang'ana mlamu wake. Atelala sanagwetse maso. Pamenepo iye anadziwa.

Atinole anawanyamula n'kuwakhazika kutsogolo, mutu utakulungidwa ndi nsalu ya kasitomala wina, Anamwino atawagwirira. Galimoto itapita, apolisi awiri amene anatsala anaonetsa Akalipentala chikalata cha kukhoti. Analowa nawo m'kachipinda kaja, ndipo malaya anawatulutsa m'pilo iwo akuona. Pamene nkhani inkamveka mumsewu kuti wakuba ndi ndani, Wamtali anali kale kuseri kwa chitseko chachitsulo, kumene mwala sungafike.

Tsiku lomwelo Wamtali anatsogolera apolisi ku nyumba ina yosamaliza kumanga, kumene ankabisa katundu. Simbi ya Anamwino inapezeka, bulangete la mwana linapezeka, ndi katundu wina wa nyumba zitatu zija. Wailesi yakanema inali itapita kale.

Zotsatira zake sizinali zokoma. Atinole anawasoka pamutu ndipo anagona m'chipatala masiku asanu. Anthu awiri amene anaponya miyala anakayankha mlandu. Khoti linawaitanadi Atelala. Anaima pamaso pa mlamu wawo n'kufotokoza za singano yodumpha, woweruza akuyang'ana msokowo pafupi ndi maso. Wamtali anagamulidwa kukakhala kundende. Abale ena a amuna awo analeka kupereka moni, ati mkazi ameneyu wagulitsa magazi a eni ake. Akalipentala okha anakhala masabata atatu akungoyankha kuti "eya" ndi "ayi."

Koma Asajeni ataitanitsa msonkhano wachitatu, mabenchi a kusukulu anachepa. Anthu anakhala mpaka m'mazenera. Anatulutsa madandaulo awo onse: kuti apolisi amachedwa, kuti ena amalankhula mwachipongwe, kuti munthu amamangidwa lero mawa n'kumuona mumsewu. Asajeni analemba zonse. Zina anavomera kuti n'zoona. Anafotokozanso kuti munthu akatuluka pa belo ndiye kuti mlandu sunathe, akudikira tsiku la khoti, ndipo mboni zikapanda kupita mlanduwo umafa.

Kenako anaimirira Akalipentala.

"Ine ndinatsala pang'ono kuphetsa munthu wosalakwa pofuna kubisa m'bale wanga. Wamabotolo uja tinamupha chimodzimodzi, ndipo tonse tikudziwa. Mkulu wa gulu musankhe wina. Koma chibonga changa ndachidula kale, ndapangira miyendo ya mpando."

Anthu anagwirizana mfundo zochepa. Wenzulo ikalira, amene ali pafupi aimbe foni nthawi yomweyo. Woganiziridwa akagwidwa, akhazikidwe pansi, pasapezeke womukhudza mpaka apolisi afike. Amene akudziwa kanthu koma akuopa, aonane ndi Asajeni paokha. Nambala ija anailembanso pakhoma la pampopi, ulendo uno ndi penti wamafuta. Kuyambira pamenepo, Lachitatu likafika, moni wa Asajeni unayamba kuyankhidwa. Patapita miyezi iwiri wenzulo inaliranso, ndipo munthu amene anagwidwa akudumpha mpanda anakafika kupolisi akuyenda ndi miyendo yake.

Atinole anabweranso patatha mwezi ndi theka, chipsera chili pamphumi, njinga atawakonzera Akalipentala. Poyamba ankangoima pakhonde la Atelala pokha.

"Amayi, lumo lija bweretsani. Lanu ndizinola ulere mpaka ndidzafe."

"Musafulumire kufa, akulu. Malumo ndili nawo ambiri."

Tsiku lina Loweruka m'mawa, Atelala anapeza amuna awo atavala malaya oyera, akuika sopo ndi mswachi m'kachikwama.

"Ndikupita kukamuona," anatero Akalipentala. Anaima kanthawi pakhomo, osatembenuka. "Ulendo wathawu anandifunsa za iwe. Akadali wokwiya."

"Akwiye. Wokwiya ndi wamoyo."

Akalipentala anagwedeza mutu. "Eya. Kundende ndimapita n'kulankhula naye, iye n'kumandiyankha. Kukanakhala kumanda ndikanamalankhula ndekha." Anatola kachikwama kaja. "Ukafuna, sabata yamawa tipitire limodzi."

Atelala anakhala pamakina n'kuponda. Singano inabaya kasanu ndi kamodzi, n'kudumpha.

Phunziro lake ndi ili. Gulu lokwiya silifufuza, limangomenya, ndipo nthawi zambiri limamenya wosalakwa, wakuba weniweni ali pakati pawo akuimba nawo wenzulo. Kubisa m'bale wolakwa sikumupulumutsa, kumangoika moyo wa wina pachiswe. Mukaona kapena mukadziwa kanthu, musakhudze umboni, musatchule dzina pagulu, uzani apolisi a m'dera lanu. Sungani nambala yawo, pitani kumisonkhano yawo, ndipo akalakwitsa auzeni pamaso. Apolisi sangaone zonse popanda inu, ndipo inu simungaweruze mlandu ndi chibonga. Kugwira wakuba ndi ntchito ya tonse, koma kuweruza ndi kwa khoti.